Bokosi la zipangizo zoyesera sayansi kwa mwana wa zaka 6: ndisankhe liti?

Nambewe:
Mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg akufuna kutumizira mwana wanga wa zaka 6 bokosi la zipangizo zoyesera sayansi, ndipo wandipempha kuti ndisankhe pa mabokosi awiri. Lina lili ndi maginito, mabatire, mawaya ndi timababu, pamene linalo lili ndi timabotolo ndi ufa wosiyanasiyana woti mwana azisakaniza. Kodi loyenera msinkhu umenewu ndi liti? Ndikufunsanso za chitetezo, popeza m'nyumba muli mng'ono wake amene akukwawa.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Mayi, sankhani la maginito ndi mabatire, chifukwa zimenezo ndi zomwe simungazipeze mosavuta pakhomo, pomwe zambiri za m'bokosi linalo muli nazo kale kukhitchini. Ufa umene umachititsa thovu nthawi zambiri umakhala soda yemweyu amene timathira m'therere. Mukathira viniga m'botolo, n'kuika soda m'chibaluni, kenako n'kuveka chibalunicho kukamwa kwa botolo kuti sodayo agwere mkati, chibaluni chimafufuma chokha ndi mpweya wa carbon dioxide umene umapangika.

Ngakhale zosintha mtundu wa madzi zimatheka popanda kugula kanthu. Wiritsani chidede, madzi ake ofiirawo muwagawe m'makapu awiri oonekera mkati. M'kapu imodzi mufinyiremo ndimu, ndipo kufiira kwake kudzawala kwambiri. M'kapu inayo muthiremo chidulo pang'ono, ndipo madziwo adzada mobiriwira. Musafulumire kumufotokozera mwanayo za asidi, koma muyambe mwamufunsa chimene akuganiza kuti chichitika asanathire. Aphunzitsi kuno timaitcha njira imeneyi TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu.

Mayi Gondwe:
Ndikugwirizana ndi aphunzitsiwa, koma nkhani ya khanda lokwawalo isachepetsedwe. Mlamu wanu aonetsetse kuti bokosilo likugwiritsa ntchito mabatire wamba a 1.5 volts, monga a AA, osati timabatire tathyathyathya tooneka ngati ndalama yachitsulo. Mwana akameza kabatire kotero n'kukakamira pakhosi, kangathe kuwotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha, ndipo muyenera kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti ayambe kudandaula. Timaginito ting'onoting'ono tamphamvu n'toopsanso, chifukwa tiwiri tikamezedwa timakokana m'mimba n'kuboola matumbo. Maginito akhale aakulu, osatheka kulowa m'kamwa, ndipo mukamaliza kusewera muziwerenga zipangizo zonse musanatseke bokosi. Chizindikiro chozungulira chofiira cholembedwa 0-3 chimachenjeza kuti ana osakwana zaka zitatu asakhudze zimenezo.

Bambo Chirwa:
Achemwali, dziwaninso kuti malangizo a m'mabokosi amenewa amalembedwa m'Chingerezi chimene mwana wa Sitandade 1 sangachiwerenge yekha, choncho mufunika kukhala naye pansi, apo ayi mawaya adzathera kumangira magalimoto oseweretsa. Ngati m'bokosimo mulibe galasi lokulitsa zinthu, mlamu wanu aligule padera. Ana anga amatha nalo nthawi yaitali kuposa china chilichonse, kuyang'ana miyendo ya nyerere ndi mizu ya nyemba zimene amameretsa pa thonje lonyowa m'botolo. Muwaletse kuyang'ana nalo dzuwa kapena kulisiya poyera pafupi ndi udzu wouma, chifukwa limayatsa moto.