Ntchito za kafukufuku wa ubongo: munthu amalowera khomo liti kuno kwathu?

Wa ku Kawale:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene muli m'ntchito za kafukufuku wa zaumoyo. Munthu amene ali ndi digiri ya sayansi, tinene ya biology kapena ya za mu labu, ndipo mtima wake uli pa za ubongo ndi minyewa, ayambire pati ali kuno ku Lilongwe? M'nyuzipepala simutuluka ntchito yoti akufuna neuroscientist. Kodi ntchitozi zilipo n'komwe, kapena njira ndi yakunja basi? Nanga pamafunika kukhala dokotala kaye? Ndithandizeni ndi zenizeni: mapepala ati, luso lanji, makomo ati.

Wa mu Labu:

Achimwene, dzina limenelo mukamalidikira m'nyuzipepala mudzamera imvi. Kuno ntchito za ubongo zimabisala m'maina ena: research assistant, study nurse, lab technologist, data officer, study coordinator. Inu muziwerenga mutu wa kafukufukuyo. Mukaona malungo a mu ubongo, khunyu, matenda oumitsa khosi, sitiroko, kakulidwe ka ana kapena matenda a maganizo, khomo ndi limenelo.

Tisanamizane, zambiri zili ku Blantyre. Ku Queen Elizabeth kuli Blantyre Malaria Project, imene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko ndiye kunachokera Blantyre Coma Score mu 1989, yoyezera mwana wokomoka: kayendedwe ka maso 0 kapena 1, kulira 0 mpaka 2, mmene thupi likuyankhira ululu 0 mpaka 2. Zonse pamodzi ndi 5, ndipo mwana wa malungo akapeza 2 kapena kutsikira apo ndiye amaganiziridwa kuti malungowo alowa mu ubongo. Makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, anafika kumeneko mu 2008, ndipo mu 2015 gulu la Karl Seydel linaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa amakhala kuti ubongo watupa kwambiri, kenaka kupuma n'kusiya. Komweko kulinso Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Kuno kwathu yang'anani UNC Project ku Tidziwe Centre, mu mpanda wa Kamuzu Central. Lilongwe inali nawo pa kafukufuku wa AMBITION, wa matenda oumitsa khosi obwera ndi Cryptococcus, kachilombo ka mtundu wa nkhungu, mwa anthu amene HIV yawafooketsa. Zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti mankhwala a liposomal amphotericin B operekedwa kamodzi kokha, 10 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, limodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, amagwira ntchito mofanana ndi chithandizo chakale cha diripi ya sabata yathunthu. WHO inalandira njirayi chaka chomwecho. Imeneyo ndi ntchito ya ubongo, ngakhale pa chitseko palembedwa za HIV.

Udokotala si wokakamiza. Koma chilichonse chokhudza thupi la wodwala chimafuna chiphaso: Medical Council of Malawi kwa madokotala, ma clinical officer ndi a mu labu, Nurses and Midwives Council kwa anamwino. Digiri ya biology yokha sikulolani kutenga magazi, ndiye kutenga madzi a mu msana musakulote n'komwe.

Mukalowera mu labu, dziwani madzi a mu msana ngati dzina lanu, chifukwa pa intavyu amafunsa. Maselo amawerengedwa ola lisanathe, poti maselo oyera amayamba kuphwanyika, ndiye mukachedwa nambala imatuluka yochepa, wodwala n'kuoneka ngati ali bwino. Botolo lopita kokameretsa mabakiteriya sililowa mu firiji. Tizilombo ta matenda oumitsa khosi timafa ndi kuzizira, culture n'kubwera yopanda kanthu. Shuga wa m'madziwo alibe tanthauzo popanda shuga wa m'magazi woyezedwa nthawi yomweyo. Zosunga zimagawidwa m'timabotolo ta 0.5 ml tisanalowe mu freezer ya -80, kuti tsiku lofuna kuyeza musungunule kamodzi kokha, chifukwa kusungunula n'kuumitsanso kumaononga mapuloteni. Ndipo kutentha kwa freezer kumalembedwa m'mawa ndi madzulo, Lamulungu lomwe. Tsamba lopanda siginecha ya tsiku limodzi likhoza kukayikitsa zitsanzo za chaka chonse.

Mayi wa EEG:

Ndionjezere pa zimene anenazi. Ngati mukufuna luso limene anthu olidziwa ndi owerengeka, phunzirani kujambula EEG, kutanthauza kuyeza mafunde a magetsi a mu ubongo ndi mawaya omatidwa pa mutu. Makina angabwere ndi pulojekiti, koma woika mawaya bwino pa mutu wa mwana amene akuphiriphitha sapezeka wamba.

Mumayamba ndi tepi yoyezera ndi pensulo yolembera pa khungu. Mumayeza kuchokera pa kadzenje ka pamwamba pa mphuno mpaka pa kafupa kotukuka ka ku nkhongo, kenaka kuchokera kutsogolo kwa khutu ili mpaka khutu linalo. Malo oika ma electrode, tizitsulo ta kunsonga kwa mawayawo, amagwa pa 10 ndi 20 peresenti ya miyezo imeneyo, n'chifukwa chake njirayi imatchedwa 10-20. Pa mutu pamakhala ma electrode 19, kuonjezera ground ndi reference. Manambala 1, 3, 5, 7 ali kumanzere, 2, 4, 6, 8 kumanja, a chilembo z ali pakati. Mukasinthanitsa waya wa kumanzere ndi wa kumanja, dokotala adzalemba kuti khunyu ikuyambira mbali imene ilibe vuto. Ichi ndi cholakwa chimene sichioneka pa sikirini, ndiye musanayambe kujambula tsatirani waya uliwonse ndi chala kuchoka pa mutu kufika pa bokosi.

Khungu limapukutidwa ndi gel wokhakhala pang'ono, kenaka electrode imamatidwa ndi phala lake. Impedance, muyezo wa mmene khungu likutchingira magetsi, ikhale pansi pa 5 kilo-ohm, ndipo yofanana pa mawaya onse. Apa ndi pamene mavuto a kwathu amayambira. Mafuta odzola m'mutu amatchinga magetsi a ubongo, amene ndi ochepetsetsa, amayezedwa m'ma microvolt. Mauzeni makolo dzulo lake kuti mwana asambe m'mutu ndi sopo, osadzola kanthu, ndipo zoluka zimasulidwe. Thukuta la mwezi wa Okutobala limachititsa mizere kuyenda mafunde akuluakulu apang'onopang'ono, amene wosadziwa angati ubongo wadwala; pukutani, ziziritsani chipinda, dikirani. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye mukaona mizere yakuda bii yonenepa, musathamangire notch filter, sefa ya m'makina yochotsa phokoso la magetsiwo. Yambani mwazula chaja ya laputopu, sunthani ma extension ndi mafoni, onaninso ground. Filter imabisa vuto la waya womasuka, silichotsa.

Kujambula kwanthawi zonse ndi mphindi 20 mpaka 30. Mkati mwake wodwala amatsegula ndi kutseka maso, amapuma mwamphamvu mphindi 3, ndipo amaunikiridwa ndi nyali yothwanima. Mwana wamng'ono mupatseni kapepala aziuzira. Kupuma mwamphamvuko kumadumphidwa kwa wodwala sickle cell, mtima, kapena amene wangodwala sitiroko. Chilichonse chimene wodwala wachita, kutafuna, kuphethira, kulira, mayi kumusisita, chilembeni pa nthawi yake mu rekodi. Kusisita kwa mayi kumatulutsa mizere yobwerezabwereza yofanana ndi kugwa kwa khunyu, ndipo wowerenga EEG, amene mwina ali kutali, sanaone zimene inu munaona.

Kwa ana okomoka ndi malungo EEG ndi yofunika chifukwa ena amakhala akugwidwa ndi khunyu mkati thupi lili zii, mwina kachala kokha kapena diso ndilo likunjenjemera. Ndipo ena mwa ochira amadzayamba kugwa patapita miyezi, n'chifukwa chake kafukufuku wotere amawatsatira nthawi yaitali ndipo amafuna anthu owayeza kakulidwe. Pamenepo phunziraninso MDAT, chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwira kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010 ndi gulu la Melissa Gladstone. Chimayeza zinthu zinayi: kayendedwe ka thupi, ntchito za zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Amene anachita psychology ku Zomba amalowera kwambiri khomo limeneli.

Wa ku Kawale:

Zikomo kwambiri amayi, izi sindikanazipeza pena. Koma zonsezi ndi za ku chipatala. Nanga wofuna sayansi yeniyeni ya maselo a ubongo, ya maikulosikopu ndi tinyama?

Wa Data ku Area 47:

"Yeniyeni" imeneyo a mu labu akuimvani, achimwene. Koma funso ndi labwino. Kafukufuku wa makoswe ndi mbewa za mu labu amadya ndalama zoopsa: nyumba yoziziritsa, chakudya chapadera, dokotala wa ziweto, chilolezo. Njira yotsika mtengo ndi Drosophila, timantchentche tija timazungulira nthochi zakupsa. Pa 25°C m'badwo umodzi umatenga masiku ngati 10, chakudya chake ndi ufa wa chimanga, shuga, yisiti ndi agar, ndipo adani ake ndi nkhungu, nthata, ndi kutentha kopitirira 30°C kumene kumachititsa tamphongo kusabereka. Bungwe la TReND in Africa linayamba kuphunzitsa neuroscience ya tizilomboti ku Uganda mu 2011. IBRO, bungwe la padziko lonse la kafukufuku wa ubongo, nayo imachititsa masukulu afupiafupi mu Africa muno, ndipo kawirikawiri osankhidwa amalipiriridwa ulendo. Society of Neuroscientists of Africa imakhala ndi msonkhano zaka ziwiri zilizonse. Masamba a mabungwe atatuwa muziwatsegula mwezi uliwonse, chifukwa nthawi yofunsira imakhala yaifupi. Amene ali ku Bunda asaiwale njoka ya m'mimba imene anthu amaitenga ku nyama ya nkhumba, Taenia solium: mazira ake akamezedwa amakapanga timatumba mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Mutu umenewo umalumikiza za ziweto ndi za ubongo bwino lomwe.

Ine komabe ndingakukankhireni ku data, chifukwa mungayambe usiku uno muli ku Kawale konko. Mapulojekiti ambiri amasonkhanitsa mayankho ndi mapulogalamu a pa kompyuta a REDCap kapena ODK, n'kuwerengera ndi R kapena Stata. Phunzirani R kapena Python, chimodzi chokha kaye. Kenaka tsitsani EEG yaulere pa tsamba la intaneti la OpenNeuro, itseguleni ndi pulogalamu ya MNE-Python, sefani kuyambira 1 mpaka 40 Hz, ndipo onetsani kuti mafunde a alpha, a 8 mpaka 13 Hz, amakwera kumbuyo kwa mutu munthu akatseka maso. Ikani ntchitoyo pa GitHub, tsamba la intaneti loonetserapo ntchito zotere, ndi kufotokoza kwa tsamba limodzi. Pa CV zimenezi zimalemera kuposa mzere woti "ndimakonda za ubongo". Sankhani mafayilo ang'onoang'ono, a MRI amamaliza bandulo ndipo amafuna kompyuta ya RAM ya 16 GB kuti musalire. Masamu a matrix ndi statistics akakhazikika, funsirani Neuromatch Academy, sukulu ya pa intaneti ya masabata atatu imene inayamba mu 2020.

Za masitazi ndi PhD ya maselo, inde, njira ndi yakunja. Pafupi pali Neuroscience Institute ya University of Cape Town. Ndalama: Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, Commonwealth ndi Chevening ndi za ku Britain, ndipo Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito. Ndiye ntchito za ku chipatala zija musazinyoze, ndi zomwezo zimakupatsani zaka ziwirizo ndi kalata ya umboni. Polembera pulofesa, ndime zitatu zakwana: pepala lake limene mwawerenga ndi funso lanu pa ilo, luso limene manja anu amatha, ndi thumba la ndalama limene mukufunsira. Kalata yoyamba ndi kutamanda ndi kupempha thandizo lililonse siyankhidwa.

Wa mu Labu:

Pa GitHub sinditsutsa, koma asanafike kumeneko atenge satifiketi ya GCP (Good Clinical Practice), ya malamulo ochitira kafukufuku pa anthu. Ndi yaulere pa Global Health Training Centre, maphunziro ake amatenga tsiku limodzi, ndipo mapulojekiti ambiri amafuna yosapitirira zaka ziwiri kapena zitatu. Popanda imeneyo fomu ya wodwala simuigwira.

Dziwaninso amene amaloleza kafukufuku: komiti ya NHSRC ku Unduna wa Zaumoyo kuno ku Lilongwe, komiti yoona za kafukufuku ya ku KUHeS, ndipo ngati mukuyesa mankhwala, bungwe loona za mankhwala la PMRA. Zimene mwasonkhanitsa chilolezo chisanatuluke sizisindikizidwa, ngakhale zikhale zokongola bwanji. Ophunzira ambiri amagwera apa pofuna kuthamangitsa nthawi.

Luso lina limene silikhala pa satifiketi ndi kupempha chilolezo m'Chichewa chomveka. Mayi amene mwana wake wakomoka, achibale akumuuza kuti ndi zamatsenga, ena akuti madzi a mu msana akatengedwa mwana sadzuka, simungamuwerengere masamba asanu n'kuloza posainira. Mumafotokoza kuti madziwo ndi ochepa, thupi limapanga ena, ndipo akakana mwana alandirabe chithandizo chonse. Wosatha kulemba amadinda chala pali mboni yosakhala ya pulojekiti. Amene akukumbuka mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017 akudziwa chifukwa chake gulu lotenga magazi silitsika galimoto m'mudzi lisanaonane ndi amfumu ndi alangizi a zaumoyo.

Pomaliza, kontirakiti. Ntchitozi zimayenda ndi grant, nthawi zambiri chaka chimodzi chimodzi, ndipo grant ikatha ntchito yathanso. Ngozi ina ndi kukhala research assistant zaka khumi, dzina lanu osaoneka pa pepala lililonse. Pa intavyu akakufunsani ngati muli ndi funso, funsani ziwiri: kodi pulojekitiyi ili ndi ndalama zophunzitsira antchito, ndipo wogwira ntchito angaloledwe kutenga kagawo ka data n'kulemba yekha? Akavomera, pemphani kuti zilembedwe, ndipo kafunso kanuko kalowe mu protocol, ndondomeko yovomerezeka ya kafukufukuyo, kudzera mu amendment musanayambe kuwerengera.

Mayi wa EEG:

Ndipo mukapita kukapempha kuphunzira EEG, tengani tepi yanu yoyezera ya masentimita, ya atelala ija imakwana. Yesererani pa mitu ya abale kunyumba mpaka muzitha kulemba malo onse 19 m'mphindi 10, chifukwa mwana wa zaka ziwiri sakupatsani nthawi yoposa pamenepo.