Penti akutuwa ndi kuchita makwinya pa kagalimoto ka 1/24 kuno ku Salima, nditani?

Kamuzu_Road:

Akuluakulu moni. Ndili ndi kit (kagalimoto ka pulasitiki kobwera m'tizigawo tomata wekha) ya kampani ya Tamiya ya 1/24, kutanthauza yochepa ka 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, Volkswagen 1300 Beetle ya 1966, Chikumbu chija, yochokera ku Johannesburg. Sindinamate kanthu. Penti wake weniweni kuno ku Salima sapezeka, ndiye ndagula chitini cha penti wopopera wa mu hardware, wabuluu. Ndayesera pa kachidutswa ka chimango chomwe tizigawo timabwera titagwirirapo. Wauma motuwa, sakuwala, ndipo pulasitikiyo yachita timakwinya. Ndinapopera pakhonde madzulo, mvula itangokata. Vuto ndi pentiyu kapena nyengo? Komanso magalasi ndi mabampala a chrome ndimate ndi chiyani, supagulu akwana?

Malume_a_Dwangwa:

Achimwene, mavuto mwatchulawo ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi gwero lake.

Makwinyawo ndi ntchito ya thinazi wa m'chitinimo. Kit imeneyo ndi ya polystyrene, ndipo penti wambiri wa mu hardware ngakhalenso wa magalimoto enieni ali ndi thinazi wamphamvu amene amadya pulasitiki yotere ikakhala yopanda chotchinga. Kutuwako ndi chinyontho. Thinazi akamauluka mwachangu amaziziritsa pamwamba pa penti, madzi a mumpweya n'kuterapo penti akadali wamuwisi, n'kutsekeredwa momwemo. Kunyanja kuno m'dzinja, makamaka mvula itangokata, ngakhale penti wodula amatuwa.

Yambani ndi bodi. Itsukeni m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, chifukwa pamakhala mafuta a ku fakitale ndi a zala. Ikauma iyang'aneni pa dzuwa, muona timizere totukuka toyenda pa mamadigadi ndi m'mbali mwa denga. Imeneyo ndi misoko ya chikombole, pa galimoto yeniyeni palibe. Ipaleni ndi nsonga ya lezala mwapang'onopang'ono, musalaze ndi sandipepa ya 600 yonyowetsa (nambala ikamakwera, sandipepa imakhala yosalala kwambiri), kenako bodi yonse muikwechepo ndi ya 1000 kuti primer, penti woyambira wapansi, igwire. Sandipepa zimenezi, mpaka ya 2000, zimapezeka komwe amisiri owongola ndi kupenta magalimoto amagula zipangizo. Ku Salima zikasowa, ku Lilongwe ku Old Town ziliko.

Primer gulani yotuwa, yolembedwa kuti ndi ya pulasitiki, ndipo ikhale ya kampani imodzi ndi pentiyo. Musanakhudze bodi yesani zonse pa supuni ya pulasitiki yoyera. Koma onetsetsani supuniyo: ikhale yolembedwa PS kapena nambala 6 kunsi kwake, ija imathyoka mukaipinda. Yofewa yongopindika ija ndi mtundu wina, thinazi saidya, ndiye ikunamizani kuti zonse zili bwino.

Pindani waya wa hang'ala, mulowetse m'kati mwa bodi, mumatirire ndi tepi kudenga, kuti mugwire waya osati galimoto. Khutchumulani chitini mphindi 2 zathunthu. Poperani muli patali masentimita 20 mpaka 25, muyambe kufinya musanafike pa bodi, musiye mutadutsa. Ulendo woyamba ndi wachiwiri penti angofika ngati akuwazidwa, pulasitiki izionekerabe. Pakati pake dikirani mphindi 10 mpaka 15. Ulendo wachitatu ndiye mukute bwino. Primer igone tsiku lathunthu, musalaze ndi ya 1500, mupukute, ndiye mubwere ndi wabuluu uja mwa njira yomweyo: kawiri mowaza, komaliza monyowetsa, mukuyendetsa dzanja pang'onopang'ono mpaka penti awale, koma asayambe kutsetsereka. Pa Chikumbu malo otsetsereka msanga ndi m'khwawa la pakati pa madigadi ndi bodi, chifukwa penti wa mbali ziwiri amakumana pamenepo.

Werengani chitinicho. Ngati palembedwa enamel, maulendo onse athe ola limodzi lisanakwane, apo ayi dikirani masiku angapo. Mukapopera mawa lake, wapansi amakhala atauma pamwamba pokha, ndiye amakwinyika. Ndipo penti wa mtundu wa lacquer pamwamba pa enamel ayi, amamudya.

Za nthawi: m'dzinja sankhani tsiku lowala, cha m'ma 9 mpaka 11 m'mawa, mame atauma ndipo mitambo isanasonkhane. Mu Okutobala ndi Novembala ndi zina: kutentha kumaumitsa penti ali m'malere, amafika pa bodi ali timibulu, n'kuuma wokhakhala ngati khungu la ndimu. Nthawi imeneyo poperani m'mamawa dzuwa lisanakwere, muyandikire pang'ono. Miyezi ya Meyi mpaka Julayi ndiyo yabwino, kungoti Mwera amanyamula fumbi ndi mchenga, ndiye pezani kuseri kwa nyumba, muwaze madzi pansi. Panja nthawi zonse, mphuno ndi pakamwa mutatchinga, kutali ndi mbaula.

Kampango_KK:

Malume anena zoona, koma pa primer ndisiyane nawo pang'ono. Primer ya m'chitini cha mu hardware nayonso ili ndi thinazi yemweyo, ndiye si chishango ngati mwaithira yambiri ulendo woyamba. Chimene chimapulumutsa pulasitiki ndi maulendo owaza aja, amene amauma asanapeze mpata wodya. Ndipo zitini zimenezi zimatulutsa penti wambiri, zinapangidwira mageti ndi mafelemu a mawindo. Timizere ta zitseko ndi timipata tolowera mpweya tili pansi pa galasi lakumbuyo timakwiririka msanga. Musanapope, dutsitsani msana wa lezala m'mizere ya zitseko ndi boneti kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mopepuka, kuti izame. Ngati pali wobwera kuchokera ku Joni pa basi, chitini chimodzi cha penti wopopera wa Tamiya TS cha 100 ml chimakwana bodi yonse ya 1/24, ndipo utsi wake ndi wosalala kwambiri. Pa ndege musawatume, penti wopopera saloledwa m'katundu.

Mukatha kupopa vindikirani msangamsanga ndi katoni yoyera kapena beseni, mutaika timiyala kunsi kuti mpweya uzilowa. Ife a ku Nkhotakota tili ndi mdani wina, nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija. Tsiku limene zatuluka panyanja musapope n'komwe, ndipo usiku pafupi ndi getsi ayi. Kachilombo kakatera pa penti wamuwisi musakachotse ndi chala. Siyani aume masiku awiri, mukwechepo ndi ya 2000 yonyowa, mubwerezepo kamodzi.

Tsono za guluu. Supagulu asayandikire magalasi. Nthunzi yake imamatirira pa pulasitiki yoonekera, makamaka pomwe pali chidindo cha chala, n'kusiya zoyera zosachoka, ndipo m'chinyontho ngati chathu zimanyanya. Magalasi ndi magalasi a nyali matani ndi guluu woyera wamatabwa uja. Tapani ndi nsonga ya ndodo ya machesi, timadontho 4 kapena 6 m'mphepete, gwirizani ndi tepi mpaka m'mawa. Amauma woonekera, ndipo wotuluka pambali mumapukuta ndi kansalu konyowa. Galasi podula pa chimango musathyole ndi manja, limang'aluka mpaka m'kati. Dulani patali ndi chowengera zikhadabo, chotsalacho mupale.

Zigawo zina zonse zimafuna guluu wa pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin kapena Revell Contacta. Ameneyu samata ngati ulimbo ayi, amasungunula mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. N'chifukwa chake sagwira pa penti kapena pa chrome. Pomwe bampala ikukumana ndi zogwirira zake, palani chrome ndi lezala mpaka pulasitiki ioneke. Guluuyu akasowa, supagulu kadontho kochepa pa nsonga ya singano amagwira pa injini ndi kunsi, bola magalasi musanaike kapena bodi ili kutali.

Chrome ya m'kit imawala mopitirira, ndipo pomwe mwadula pamatsala bala loyera. Bala laling'ono dontheza penti wa siliva. Ngati msoko ukudutsa pakati pa bampala, iviikeni mu Jik, chrome imasungunuka yokha pasanathe ola, tsukani, salazani, pentani wakuda wowala kenako siliva. Koma kunena zoona, siliva wa m'chitini safika pa kuwala kwa chrome yeniyeni. Pa Chikumbu mabampala ndi mawilukapu ndi nkhope yake, ine ndingati asiyeni momwe alili.

Mayi_a_Chipoka:

Kuwonjezera pa kuumitsa, chifukwa apa ndi pomwe ntchito yabwino imaonongekera. Lacquer mupatseni sabata, enamel masabata awiri kapena kuposa. Nunkhizani bodi: ngati ikumvekabe thinazi, sinaume. Musaiyanike padzuwa kapena kuisiya m'galimoto yotseka kuti iume msanga. Dzuwa la ku Salima limapinda denga ndi mizati ya mawindo, galasi silidzalowanso.

Ikauma, ngati ili yokhakhala, kwechani ndi ya 2000 yonyowa ndi kadontho ka sopo, mopepuka, mpaka pofanana ponse. Pewani m'mphepete mwa mamadigadi ndi mizere yotukuka, penti amakhala wopyapyala pamenepo ndipo primer imatulukira nthawi yomweyo. Kenako pukutani ndi compound wosalala wa magalimoto pa kansalu ka thonje kofewa. Mankhwala otsukira mano oyera aja, osati a gel, amagwiranso ntchitoyi, kungoti amachedwa.

Kutuwa kochepa kumachoka ndi kupukuta komweku, kapena kupoperapo kamodzi mopepuka tsiku louma. Zikakanika n'kufuna kuchotsa penti yense, thinazi ndi chochotsera penti wa zikhadabo musayerekeze, zimasungunula bodi. Enamel amachoka ndi mankhwala otsukira uvuni, bodi mutaitsekera m'jumbo usiku umodzi, magolovesi m'manja. Brake fluid amachotsanso koma amafooketsa pulasitiki, mizati yopyapyala imathyoka.

Tepi yotchingira musaisiye masiku. M'kutentha kuno guluu wake amatsalira pa penti. Matani, pentani, chotsani penti akangogwira.

Kamuzu_Road:

Zikomo kwambiri nonse. Ndidikira mvula idule kaye. Pakadali pano ndiyambe injini ndi m'kati. Ndikufuna ioneke ngati yoyenda m'misewu yathu. Chiwongolero ndi nambala ndichite bwanji, ndipo pa injini ndingawonjezere chiyani?

Kampango_KK:

Mwaganiza bwino achimwene, zam'kati zimapentedwa ndi bulashi ndipo chinyontho sichizivuta kwenikweni.

Timabotolo ta acrylic ta Tamiya ta 10 ml tikapezeka, asanu akukwanirani: X-18 wakuda wowala pang'ono, XF-1 wakuda wosawala, XF-16 wa aluminiyamu, X-27 wofiira woonekera ndi X-26 wa olenji woonekera. Amasungunuka ndi thinazi wake wa X-20A, ngakhale sipiriti wapepo uja amatheka, kungoti amadetsako mitundu yoyera. Pakani wopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo pomwe mwadutsa musabwererepo asanaume, bulashi imakokolola wapansi.

Injini ya 1300 ndi ya 1285 cc, ya masilinda 4 ogona awiri uku awiri uko, ili kumbuyo, ndipo imazizira ndi mpweya. Choncho musaikepo mapaipi a madzi, ilibe radiator. Chimake chipenteni chotuwa ngati aluminiyamu wakale, chivindikiro cha fani ndi malata ozungulira X-18, lamba wa fani XF-1. Chimene chimasintha maonekedwe kwambiri ndi mawaya a mapulagi. Waya weniweni ndi wa mamilimita 7, kugawa ndi 24 mupeza pafupifupi 0.3. Waya wotere mumupeza m'mahedifoni akufa kapena m'chingwe cha chaja. Boolani distributor, kachigawo kogawa moto ku mapulagi, timabowo 5, kamodzi pakati kopita ku coil komwe motowo umachokera, 4 mozungulira, pogwiritsa kabowolero ka mamilimita 0.4 kozunguza ndi zala. Singano yamoto imasungunula kachigawo konse. Mawaya awiri apite kumanja, awiri kumanzere, ndipo agone motsamira injini. Akaima m'malere ngati uta amaoneka abodza.

Mukatha, sungunulani wakuda kwambiri, gawo limodzi la penti pa magawo 10 a chosungunulira, mudonthezere m'makona a injini ndi m'mizere ya mipando. Mukagwiritsa enamel ndi turpentine musachulutse, amalowa m'malo omata n'kuswa pulasitiki.

Za chiwongolero, onani pa chimango ngati anaikamo madashibodi awiri, ma kit ena amatero. Ngati ilipo ya kumanzere yokha, ya Chikumbu ndi yosavuta kutembenuza chifukwa ndi yafulati: wotchi ya liwiro mbali imodzi, kabokosi mbali inayo. Dulani zigawo ziwirizo, musinthanitse, mipata mutseke ndi supagulu wosakaniza ndi soda wophikira, musalaze nthawi yomweyo asanaumitsitse, chifukwa akagona amalimba kuposa pulasitiki. Musaiwale kusamutsa mapedulo. Si zopeka ayi: Zikumbu za chiwongolero cha kumanja zinkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979.

Nambala lembani pa kompyuta, SA ya Salima kapena KK ya kwathu kuno, musindikize pa pepala la zithunzi. Yaitali ija ya masentimita 52 ndi 11 imakhala mamilimita 22 ndi 5. M'mphepete mwa pepala detsani ndi cholembera chakuda, apo ayi kuyera kwake kumaonekera patali.

Nyali zakumbuyo pakani siliva pansi, pamwamba pake X-27, kachigawo ka m'mwamba X-26. Mphira wa mawindo jambulani m'mphepete mwa galasi, mbali ya m'kati, ndi cholembera chakuda chosafufutika. Mzere wa chrome wa m'mbali mwa bodi umatheka ndi foyilo yopyapyala ya mu chokoleti: pakani guluu woyera pang'ono kumsana kwake, kanikizani ndi thonje, dulani ndi lezala yatsopano.

Malume_a_Dwangwa:

Matayala musaiwale. Amabwera owala, ali ndi msoko pakati. Kwechani popondera ndi ya 400 mpaka msoko uthe ndipo kuwala kuchoke. Malimu apenteni ponse, ndi m'kati momwe mukhala tayala, chifukwa mphira wa ma kit ena ukakhudzana ndi pulasitiki yosapenta umaisungunula pakapita zaka, ndipo kotentha zimafulumira. Pa chifukwa chomwecho, matayala asungeni m'kapepala kawokawo, asagone pa galasi m'bokosimo.

Fumbi la m'misewu yathu likhale lomalizira. Perani choko chofiirira pa sandipepa, mupake ndi bulashi youma m'mamadigadi, popondera ndi kumbuyo kwa matayala. Pa penti wowala siligwira, ndiye pomwe mukufuna fumbi payambe papita wosawala. Pomata mawilo ikani galimoto pa galasi lafulati, mutsamiritse ndi timabokosi ta machesi mbali zonse mpaka guluu agwire, kuti matayala onse 4 aponde pansi.