Phukusi la maphunziro a m'chilimwe lochokera ku America: tigule kapena tisiye?

Mayi a Tadala, Leicester: Amayi ndi abambo, ndithandizeni nzeru. Chaka chino ndayamba kuphunzitsa ana pakhomo, wamkulu ali ndi zaka 8, wamng'ono 5. Ndaona phukusi la ku America la masabata asanu ndi limodzi, loyambira mu Juni. Muli kabuku kojambulamo zachilengedwe, penti wosungunula ndi madzi, makadi a zithunzi za akatswiri akale, nyimbo za kutchalitchi ndi vesi la sabata iliyonse. Kuphatikiza positi likufika pafupifupi mapaundi 90. Bambo akunyumba akuti ndikutaya ndalama. Alipo amene analigwiritsapo ntchito?

Nabanda, Manchester: Asisi, musanalipire yambani mwaona masamba achitsanzo. Mnzanga wa kutchalitchi anandibwereka lofanana nalo. Mbalame zake ndi cardinal, blue jay ndi hummingbird, zomwe kuno ku Britain kulibe. Mwana aziti akatuluka panja azifuna mbalame yofiira, koma akupeza njiwa ndi magpie. Munalinso sabata ya ziphaniphani zouluka, ndi ina ya 4 Julayi, tsiku la ufulu wa dziko lawo. Ngakhale mapepala ake si A4 ayi, ndi saizi yawo ya kumeneko.

Bambo a Chisomo, Glasgow: Chondiseketsa n'chakuti kaphunzitsidwe kameneka kanachokera konkuno. Ndi ka Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain yemwe anakhala ku Ambleside, ku Lake District, ndipo anamwalira mu 1923. Iyeyu ndi amene ankalimbikitsa kuti mwana azikhala panja nthawi yaitali, azijambula chimene waona m'kabuku kake, aziyang'anitsitsa chithunzi chimodzi kenako n'kufotokoza yekha. Anthu a ku America anakakonda, n'kukaika m'bokosi, tsopano akutigulitsa ife. Ndondomeko yake ilipo yaulere pa intaneti, pa tsamba la AmblesideOnline. Komanso alamu, funsani za msonkho. Mabuku salipiritsa VAT kuno, koma penti ndi maburashi amalipiritsa 20 peresenti.

Mayi a Tadala: AmblesideOnline ndinayitsegula achimwene, mutu unandizungulira. Zambirimbiri, osadziwa poyambira.

Mayi Busa, Nottingham: Apotu ndiye pali nkhani. Inu mukuwerengera mtengo wa penti, koma chimene mayiyu akugula ndi nthawi. Ambiri pano timagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Ukaweruka 8 koloko m'mawa, ana adzuka kale, mphamvu yoti ukafufuze pa intaneti kuti lero tijambula chiyani, tiimba chiyani, uitenga kuti? Zaulere zimafuna munthu woti azisonkhanitse. Ine ndinagula lotere kwa ana anga ndipo sindidandaula. Lolemba ndinkangotsegula tsamba n'kuyamba. Mbalame zosapezeka kuno tinkadumpha.

Nabanda: Mayi, mukadumpha mbalame ndi maluwa, pa phunziro la zachilengedwe patsalanso chiyani?

Mayi Busa: Patsala chizolowezi, mwanawe. Kutuluka tsiku lililonse, kukhala chete, kuyang'ana, kupemphera. Ndiponso zithunzi za akatswiri zija sizisintha kaya uli ku Texas kaya ku Nottingham.

aPhiri, Reading: Ndilowepo pang'ono monga mphunzitsi wakale wa pulayimale. Za nthawi Mayi Busa akunena zoona. Koma za chikhulupiriro ndili ndi nkhawa ina. Mapukusi ambiri amangomata vesi pansi pa chithunzi cha duwa, basi ati ndi phunziro lachikhristu. Mwana amazindikira msanga kuti vesilo angolipachika. Pomwe mu Juni kuno muli phunziro limene munthu wa ku America sangakulembereni. Anamzeze amene akumanga zisa m'makhola a kuno amafika mu Epulo, ndipo nyengo yozizira amakaithera ku South Africa. Mbalame zija amati swift, zolira mokweza madzulo pamwamba pa madenga, zimafika mu Meyi n'kubwerera ku Africa cha mu Ogasiti. A British Trust for Ornithology, bungwe lofufuza za mbalame, anazimangirira tizipangizo n'kupeza kuti zimakafika ku Congo, zina mpaka chakwathu ku Malawi ndi Mozambique. Ndiye mutsegule Yeremiya 8:7, pamene mneneri akudandaula kuti mbalame zimadziwa nyengo yake yobwerera koma anthu a Mulungu sadziwa malamulo ake. Tadala ajambule mbalameyo, alondole ulendo wake pa mapu, mumuuze kuti mwina inadutsa kwa agogo ake. Vesi limenelo sadzaliiwala.

Mayi a Tadala: Eee aPhiri, mwati ku Malawi? Zimenezi ndiye sindinkazidziwa.

Bambo a Chisomo: Ndiwonjezere zaulere. A Wildlife Trusts, mabungwe osamalira zachilengedwe, amachita 30 Days Wild mwezi wonse wa Juni, mumangolembetsa n'kulandira zochita za tsiku ndi tsiku, za mbalame ndi maluwa a konkuno. Pa foni ikani Merlin, imamvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina. Zithunzi zenizeni mukazione ku National Gallery ku London, polowa salipiritsa, ngakhale sitima yochokera ku Leicester ndiye idya ndalama. Ndalama zisungeni, chifukwa mwana wophunzira pakhomo mayeso a kusekondale a GCSE amalipira makolo.

Mayi Busa: GCSE mwana wa zaka 8? Bambo inu, musamuopseze mnzathu.

Naphiri, Luton: Kaya mugula kaya ayi, zoopsa za kuno muzidziwe, poti phukusilo lingakuchenjezeni za kwawo zokha. Foxglove, duwa lalitali lofiirira lija, limamasula mu Juni ndipo ndi poizoni, wamng'onoyo asaliike kukamwa. Nettle amayabwa ngati chitedze. M'udzu wautali muli nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme, muziwayang'ana m'miyendo mukabwerako. Ndipo kuzula duwa lakutchire ndi mizu yomwe popanda chilolezo cha mwini malo ndi mlandu, lamulo la 1981 limaletsa.

Nabanda: Penti yekha asisi musagule wotchipitsitsa uja, amatuluka mbuu mwana n'kugwa ulesi. Pepalanso likhale lokhuthala, la 300gsm. Pamenepo ndiye ndalama isakupwetekeni.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Ndawalembera ogulitsawo kufunsa ngati angandigulitse ndondomeko yokha ya PDF popanda bokosi, poti ndi imene ndikuisowa monga ananenera Mayi Busa. Penti ndi pepala ndigula kuno. aPhiri, mungandilembere mavesi ena asanu oyenda ndi zimene tingaone mu Juni ndi Julayi?

aPhiri: Yambani ndi Mateyu 6:26 mpaka 30 ndi Salimo 104. Enawo nditumiza Loweruka ndikaweruka.

Mayi Busa: Akakana PDF, ine ndikuti gulanibe bokosilo.