Khonsolo yatiitana kukakambirana za tenda ya audit, ndikavomere ziti?

Nabanda, Randburg: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kampani yathu ndi yaing'ono, tilipo anthu 6. Tinapikisana nawo pa tenda ya zaka zitatu ya internal audit (kuunika m'kati mwa chaka mmene khonsolo ikuyendetsera ndalama ndi ntchito zake) ku khonsolo ina muno mu Gauteng, ndipo dzulo atiimbira kuti tili patsogolo ndife, tipite Lachinayi tikakambirane. Koma pafoni pomwepo mkulu wa zogulagula wati titsitse mtengo, komanso tiziwalembera ma financial statement (malipoti a zachuma) a kumapeto kwa chaka, poti tizikhala tili konko kale. Abwana anga akufuna kungovomera. Ine mtima ukukana.

Phiri, Germiston: Achemwali, mtima wanuwo mverani. Za ma statement kanani. Mukawalemba inu, adzawaunika ndani komiti ya audit ikafunsa? Inu nomwe? Komanso ntchito imeneyo munalibe mu tenda. Regulation 24 ya malamulo a zogulagula m'makhonsolo imalola kukambirana ndi amene ali patsogolo, koma zokambiranazo zisapatse inu mwayi wachiwiri, zisapondereze amene munapikisana nawo, ndipo mtengo usakwere kuposa umene munalemba. Mukaonjezera ntchito yatsopano, kampani imene inaluza ikadandaula, kontrakiti yonse ili pamoto.

Kondwani, Hillbrow: Pepani, ine ku Joni kuno ndi mlendo, ndangofika chaka chatha. Ndimayesa khonsolo siisankha yokha woiunika?

Phiri: Mukulondola achimwene, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kuunika mabuku a khonsolo pakutha pa chaka ndi kwa Auditor-General, malinga ndi gawo 188 la Constitution ndi Public Audit Act ya 2004. Ofesi ya mayi Tsakani Maluleke ikachulukidwa imapatsako makampani ntchito, koma imasankha ndi iyo, osati khonsolo. Zimene khonsolo imagula yokha ndi internal audit, imene gawo 165 la MFMA (lamulo la kayendetsedwe ka ndalama za makhonsolo) limalola kupereka kunja, ndi alangizi olemba mabuku.

Mayi Gondwe, Midrand: Ndionjezerepo. Nabanda, funsani abwana anu ngati mumalandirako ntchito za Auditor-General. Mukalowa m'khonsolo imeneyi, iwalani zoti adzakutumani kukaiunika. Werengetsani kaye ndi iti ikudyetsani bwino.

Ndiye nyengo yakenso. Chaka cha makhonsolo chimatha pa 30 June, ma statement afike kwa Auditor-General pa 31 August. Miyezi iwiri imeneyo munthu sugona. Ine ndinazichitapo kwina, ndikumadya chipisi chozizira 11 koloko usiku, kufunafuna mapaipi ndi mamita a madzi olembedwa m'kaundula wa katundu koma pansi osaoneka. Anthu 6 simungasenze zonse ziwiri, ngakhale lamulo likanalola.

Nabanda: Zamveka mayi. Nanga za mtengo? Ndikakana zonse ationa ngati amwano.

Mayi Gondwe: Musakane zonse. Tengani mitengo ya pa ola imene SAICA, bungwe la ma accountant muno, imatulutsa ya ntchito zogwirira Auditor-General. Malamulo a 2019 ochepetsa kuononga ndalama m'makhonsolo amawauza kuti aziyang'ana mitengo yomweyo polipira alangizi. Muike pambali pa yanu, mzere ndi mzere. Pamene mwadutsa, tsitsani pomwepo. Pamene muli pansi, aonetseni. Mukhozanso kudula za mayendedwe ndi maola ena a abwana anu. Koma maola a anyamata opita kukagwira ntchito musakhudze, mudzalira chaka chachiwiri.

Phiri: Ndipo mukatsitsa, mupemphepo kanthu. Ine ndimapempha kuti invoice izituluka lipoti lililonse likaperekedwa, osadikira kuti komiti ya audit ikhale pansi. Gawo 65 la MFMA limati alipire m'masiku 30, koma amene tagwirapo ndi makhonsolo tikudziwa mmene foni imaitanira osayankhidwa. Lachinayi lisanafike onaninso CSD, kaundula wa makampani ochita malonda ndi boma, ngati za msonkho zili bwino, ndiponso ngati palibe director amene ali ndi ngongole ya mareti yopitirira miyezi itatu. Kangongole ka madzi kokha kamagwetsa tenda.

Kondwani: Nanga khansala akakuimbirani kuti akukankhirani?

Phiri: Mudule foni. Gawo 117 la MFMA limaletsa makhansala ngakhale kukhala nawo pamsonkhano wa makomiti a tenda.

Nabanda: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi abwana, za ma statement tazisiya. Ndalemberanso khonsolo imelo kuti zimene ananena pafoni azilembe, komanso kuti Lachinayi pakhale wolemba maminitsi. Mayi Gondwe, mitengo ya SAICA ya chaka chino muli nayo?

Mayi Gondwe: Ndili mu Gautrain, ndikutumizirani ndikangofika ku Park Station.