Kodi nsomba yowedzedwa pongosangalala ili ndi mtengo wanji?

Wam'mapiri: Akuluakulu, ndithandizeni. Alendo amene amakawedza nsomba za trout m'madamu a ku Chelinda, pa Nyika, sagulitsa zomwe agwira, ndipo ena amazibwezera m'madzi. Nanga akatswiri a zachuma amawerengera bwanji phindu lomwe limabwera nsomba zikamagwidwa zochuluka pa tsiku?

Mlangizi: Mtengo wa pamsika sungatithandize pamenepa, chifukwa chimene mlendoyo akulipira si ndiwo koma chisangalalo. Njira imodzi, imene katswiri wa zachuma Harold Hotelling anaiganizira m'chaka cha 1947 polembera oyang'anira malo osungirako zachilengedwe ku America, ndiyo kuwerengera zonse zimene munthu wawononga paulendo: mafuta a galimoto, malo ogona, chiphaso chowedzera ndi masiku amene wasiya ntchito. Kenako amayerekeza madamu osiyanasiyana, ndipo ngati anthu akulolera kupita kutali kumene nsomba zimadya nyambo msanga, ndalama zoonjezerazo zimasonyeza mtengo wa nsomba zoonjezerazo.

Wambedza: Bambo Mlangizi mwafotokoza bwino, koma pali chovuta. Nsomba yoyamba imakondweretsa kwambiri kuposa yachikhumi. Ine ndinakhalapo m'mbali mwa damu kuyambira m'mamawa, chifunga chili thoo, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo imodzi yokha imene inagwedeza chingwe inandikwanira.

Mlangizi: Zoonadi, n'chifukwa chake ena amafunsa owedzawo mwachindunji kuti angalipire zingati pa nsomba imodzi yoonjezera, ngakhale kuti pofunsidwa anthu amatchula ndalama zambiri kuposa zimene angatulutse m'thumba.