Bondo latupabe pambuyo pa opareshoni ya kakamera, ndide nkhawa?

Wampira9:
Abale ndithandizeni nzeru. Anandipanga opareshoni ya bondo ija amangoboola timabowo tiwiri nkulowetsa kakamera, arthroscopy, amakonza meniscus, chichereechere cha m'bondo, yomwe ndinang'amba ku mpira. Lero tsiku la 6 koma bondo likadali lotupa ndipo ndikaligwira likumveka kutentha, usiku tulo osabwera kuganiza kuti mwina mwalowa majeremusi. Ulusi akuti akachotsa tsiku la 12. Ndidikire kapena ndithamange?

MayiWaAwiri:
Pepani achimwene. Ine anandipanga yomweyo, kutupako nkosapeweka chifukwa amapopera madzi ambiri m'bondomo kuti kamera izionetsa bwino, langa linatenga masabata angapo kuti liphwe. Infekishoni pa opareshoni imeneyi siichitika kawirikawiri, safika ngakhale munthu mmodzi pa 100. Inu muzingoona kuti ululu ukuchepa tsiku ndi tsiku kapena ukuwonjezeka.

Nesi_wopuma:
Mayiwa anena zoona koma ndiwonjezere. Chomwe timaopa si kabala kapamwambako, ndi majeremusi kulowa mkati mwenimweni, nthawi zambiri amakhala Staphylococcus a pakhungu pathu pomwepa, ndipo akakhazikika amadya chichereechere m'masiku ochepa chabe, chimenecho sichimeranso. Zimakonda kuonekera m'masabata awiri atatu oyambawa. Ndiye thupi likatentha kufika 38, kuzizidwa, kufiira kukufalikira, mafinya kapena madzi akutulukabe pabala, kaya bondo lomwe dzana mumalipinda lero likukana ngakhale kuliponda, musadikire za ulusizo pitani tsiku lomwelo. Ndipo chonde chonde musamwe ma antibayotiki otsala m'nyumba, anthu mumandikwiyitsa nazo zimenezi, dokotala amafuna akoke madzi a m'bondo ndi jakisoni akayeze ku labu, mukamweratu mankhwala majeremusiwo nthawi zina saoneka. Akawapeza amatsuka bondolo ndi kakamera komweko kenako mankhwala a masabata angapo, kuyamba ndi a dripi. Muli ndi shuga? Mumasuta? Anakubayaniko steroid, mankhwala ochepetsa kutupa aja, m'bondomo chaposachedwa? Zimenezo zimakweza chiopsezo.

Kabaza77:
Osaliviika m'bafa kapena kusambira mpaka timabalato titapola. Komanso katumba akatupa nkumapweteka imeneyo ndi nkhani ina, magazi kuundana, nayonso njothamangira.

Wampira9:
Zikomo nonse. Shuga ndilibe, fodya eee ndimasuta, musandikalipire anesi. Ndayeza thupi lili pa 37.1, bandeji ndi youma, koma ululu lero ukuposa dzulo ndiye ndaimba foni, akuti ndipite mawa m'mawa akalione.