Tikamanga matenti pafupi ndi Majete masiku anayi: kwina koti tikaone kuchigwako ndi kuti?

Bambo a Mapasa (Chilobwe)

Akuluakulu a kuchigwa, safunsa anadya phula, ndiye ndabwera. Ndine mphunzitsi kuno ku Blantyre. Ku Chikwawa ndinapondako kawiri basi, konse ku maliro, kufika m'mawa kubwerako madzulo fumbi lili thoo m'maso. Sukulu zikatsekera mu Ogasiti ndikufuna nditsike ndi banja tikagone masiku anayi pa malo omangapo matenti omwe ali pafupi ndi geti ya Majete. Matenti awiri ndabwereka kale kwa mnzanga wa kutchalitchi.

Tilipo anthu asanu ndi mmodzi: ine, mayi a kunyumba, mapasa a zaka 9, mkulu wawo wa Fomu 2, ndi apongozi anga aakazi omwe akanitsitsa kutsala. Galimoto ndi ka Sienta, mukukadziwa kutsika kwake. Tsiku limodzi ndi loona nyama, limenelo latha. Nanga masiku atatu enawo tizingoyang'anizana? Mnyamatayo akufuna akaone komwe kunafika Livingstone poti akuphunzira ku sukulu, madamu akufuna nsomba zouma, apongozi bondo limawavuta sangayende mtunda. Ndimaganiza tsiku lina Lengwe, lina Elephant Marsh, lina mpaka ku Nsanje tikaone doko ndi kwa Mbona. N'zotheka? Thumba lake ndi la mphunzitsi, musaiwale.

Wa pa Dyeratu

Aphunzitsi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndondomeko yanuyo ndi ya munthu woona chigwa pa mapu. Chotsani Nsanje kaye, ndikuuzani chifukwa chake kumapeto.

Ulendo wanu uyambire pa phiri. Mukamatsika kuchokera ku Blantyre musathamange, pali malo pomwe msewu umakhota mukangoti tulukiru chigwa chonse chili pansi panu: Shire akunyezimira ngati lata, minda ya nzimbe yobiriwira kumanzere, kwinako kouma kuti gwa. Imikani pambali pabwino, ana atsike aone. Tsikani ndi giya yaying'ono, mabuleki okha amatentha pamenepo, ndipo malole a shuga ndi a makala salabada za munthu. Mukadutsa pa rodibuloko ya Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, gulani zonse za m'khitchini pa Dyeratu kapena pa boma: makala, tomato, madzi akumwa okwanira, mafuta a galimoto. Kuchoka pa boma kukafika pa geti ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo kumeneko simukapeza golosale yoti n'kudalira.

Za Majete ndinene pang'ono, poti ine ndinakula nkhalangoyo ili gwaa yopanda kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 njovu zinali zitatheratu, anthu tinkangolowamo kutema mitengo. A African Parks anayamba kuyendetsa malowa mu 2003, chaka chomwecho anabweretsa zipembere, njovu zinayamba kubwera mu 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018, mimbulu mu 2021. Ana anu aziwauza zimenezi, kuti nyama akuzionazo zinachita kubwera pa malole. Koma musati tsiku limodzi "latha" ayi. Nyama simsika woti ukafika upeza atayala. Lowani kawiri: m'mawa geti ikangotsegulidwa, ndi tsiku lina madzulo cha m'ma 3 koloko. Ka Sienta kanuko kadzayenda misewu ya m'mbali mwa Shire nthawi ya chilimwe, koma ya kumtunda ya miyala isiyeni. Ngati thumba lilola, lipirani ulendo umodzi pa galimoto yawo yokhala ndi wokulondolerani. Iwo amaona khutu la njati pomwe inu mukuona chitsamba.

Mnyamata wanu wa Livingstone ali ndi mwayi, chifukwa zomwe akufunazo zili pakhomo pomwepo. Mathithi a Kapichira ndi pomwe Livingstone anagonjera mu Januwale 1859. Anakwera Shire ndi sitima yake Ma Robert akuganiza kuti wapeza msewu wa pamadzi wolowera mkati mwa dziko, anangofika apo n'kupeza miyala ndi thovu. Mathithi onse a chigawo chimenechi anawatcha Murchison. Chakufupi komweko kuli manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala yemwe anali nawo pa maulendowa, anamwalira mu 1863. Funsani pa geti akulozereni. Ku Chikwawa kulinso manda a amishoni a UMCA (a mpingo wa Anglican), a Scudamore ndi a Dickinson, omwe anafera kwa Chibisa chaka chomwecho. Ndipo mumuuze mwanayo kuti mafumu ena a kuno monga a Kasisi, a Maseya ndi a Katunga ndi zidzukulu za Amakololo omwe anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kukhazikika pakati pa Amang'anja. Mbiri ya m'bukuyo kuno ikuyendabe ndi miyendo.

Pa Kapichira pomwepo ndi pomwe pali makina a magetsi, pafupifupi mamegawati 130. Kuzimazima kwa 2022 komwe munkalira nako ku Chilobweko kunayambira apa, namondwe Ana atagumula damu mu Januwale. Ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley imayambiranso pomwepo, mudzaiona m'njira.

Lengwe inde, pitani, ndi yabwino kwa apongozi. Mumatsata M1 kulowera ku Nchalo n'kukhotera kumanja, kudutsa m'minda ya nzimbe. Ndi pachidikha, ndipo kuli tinyumba ta matabwa tobisalamo moyang'anizana ndi zithaphwi. Mumangokhala pa benchi phee, nyama zimabwera zokha kudzamwa: nyala zomwe Lengwe imatchuka nazo, njiri zogwada ndi maondo, njati, anyani. Ogasiti madzi amakhala atachepa kutchire ndiye zimasonkhana. Vuto lidzakhala mapasawo kukhala chete mphindi 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha, muwauziretu.

Za Nsanje: kuchokera pa Majete kupita ndi kubwera ndi tsiku lathunthu muli m'galimoto, kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani. Doko lomwe a Bingu anatsegulira mu Okutobala 2010 ndi khoma la simenti m'mbali mwa mtsinje, mphindi khumi mwamaliza kuliona. Ana adzakudani.

Nachisale wa ku East Bank

Achimwene a pa Dyeratu alankhula bwino koma ayiwala madzi, monga amachitira anthu a kutsidya. Munthu wabwera kuchigwa osakwera bwato ndiye waona chiyani?

Ine kwathu ndi tsidya lino la kum'mawa, ndinakulira m'mphepete mwa dambo lomwe azungu amati Elephant Marsh. Dzinalo linachokera kwa Livingstone yemweyo, yemwe analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800. Lero mulibe ndi imodzi yomwe, ndiye ana musawanamize. Zomwe zilimo ndi mvuu, ng'ona, ndi mbalame zoti simungamalize kuwerenga. Mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa Ramsar uja.

Njira yake: mubwerere ku Thabwa, mutenge msewu wa East Bank womwe umalowera ku Fatima ndi Makhanga. Anthu ambiri amakwerera bwato pa Mchacha James. Apa ndinene zoona, msewuwu umasintha chaka ndi chaka. Mitsinje yotsika ku mapiri a Thyolo imabweretsa mchenga ndi miyala, ndipo Freddy wa mu Malichi 2023 anatisiyira zipsera zambiri. Musananyamuke funsani madalaivala a maminibasi kapena a njinga zamoto pa Thabwa kuti kwayendeka bwanji sabata imeneyo. Akakuuzani kuti Sienta sidutsa, musachite nawo makani.

Mukafika pa dooko kusanatenthe, cha m'ma 6 koloko, mudzapeza asodzi akubwera ku maukonde. Bwato lake ndi la mtengo umodzi, Asena amati mwadiya. Mumakhala pansi penipeni, miyendo kutsogolo, wopalasa ali chiimire kumbuyo ndi mponda. Poyamba bwato limagwedera mtima n'kufika kukhosi, ndiye pakapita kanthawi mumaiwala. Mumalowa m'tinjira ta pakati pa bango ndi gumbwa tomwe mlendo sangatione, kenako mwatulukira pa dziwe lodzaza maluwa a nyika, ofiirira ndi oyera, timbalame ta zala zitalizitali tikuyenda pamwamba pa masamba ngati pa bwalo. Akakowa, atsekwe, avuwo, nkhwazi ikulira pa mtengo wouma. Nyikazo muzione bwino. Zinthu zikavuta, chaka cha njala, amayi a kuno timalowa m'madzi omwewo mpaka m'khosi kukazula mizu yake kuti ana adye, ng'ona zili momwemo. Mayi anga aang'ono ali ndi chipsera pa ntchafu cha ntchito imeneyo. Ndiye mukamajambula maluwawo dziwani kuti kwa ife ndi nkhokwe.

Malamulo anga atatu, a mayi: dzanja la mwana lisalowe m'madzi ngakhale kamodzi. Mvuu ikaoneka wopalasa akati tibwerere, mubwerere. Ndipo mtengo mugwirizane muli pamtunda, komanso kuti ndi maola angati. Zovala zoyandamitsa sizipezekapezeka pa madooko athu, ndiye ngati mungabwereke ku Blantyre za mapasawo, nyamulani. Apongozi asakwere, kutsika pansi m'bwato ndi bondo lotero n'kuwazunza. Akhale pa mthunzi ndi amayi a pa dooko, pobwera mudzawapeza atagula kale nsomba motchipa kuposa inu.

Za nsombazo, madamu afunse milamba yowamba ndi makakana. Mlamba wowamba bwino umakhala wouma mpaka mkati, auswe pang'ono pa mutu anunkhize. Wofewa ukafika ku Chilobwe uli ndi alendo.

Kabaza wa pa Nchalo

Kkkkk aphunzitsi mwachita bwino kusankha Ogasiti. Mukanati Okutobala kapena Novembala tikanakutolani. Kuno imadutsa 40, tenti masana imasanduka uvuni. Ngakhale Ogasiti yemweyo kuyambira 11 mpaka 3 koloko musakonze chilichonse, gonani pansi pa mtengo ngati ife. Neti ndi mafuta a udzudzu musasiye, udzudzu wa kuno sudziwa kuti ndinu mlendo.

China, chakudya chizigona m'galimoto mawindo otseka. Ine ndinaperekeza alamu anga kogona kutchire ngati komweko, tinasiya jumbo ya buledi ndi shuga pa tebulo kuti tikasambe kumaso. Pobwera tinapeza nyani ali pa chiswe wagwira buledi ngati wagula yekha, akutiyang'ana. Tiyi tinamwa wopanda shuga masiku awiri pomwe nzimbe tikuziona.

Pochoka ku Lengwe tulukirani pa Nchalo mudye kanyenya wa mbuzi, mugulenso masau ndi malambe a ana. Masau nyengo yake ndi yomweyo.

Mbuya wa ku Chididi

Mwana wanga, ndaona mwatchula kwa Mbona pamodzi ndi doko ngati zinthu zofanana. Ndikonzeko pang'ono.

Khulubvi si malo ongoimikapo galimoto n'kujambula. Ndi nkhalango yopatulika ya Amang'anja pafupi ndi boma la Nsanje, komwe amati kunaikidwa mutu wa Mbona adani ake atamupha ku Ndione. Anthu akhala akupita kumeneko kukapempha mvula kwa zaka mazanamazana, ndipo mtengo wa m'menemo sudulidwa, n'chifukwa chake nkhalangoyo yaima yokha pakati pa minda. Wofuna kulowa amayamba waonekera kwa mafumu ndi osunga malowo, amapereka ulemu wake, amavula nsapato, amavala zakuda monga amuuzira, ndipo pali malo ena omwe safika. Akhoza kukuuzani kuti lero ayi, inu n'kubwerera. Zimenezi sizigwirizana ndi munthu wothamangira kuti dzuwa lisamulowere pa Bangula.

Sindikukuletsani. Ndikuti mubwere ulendo wina wa Nsanje yokha, mugone pa boma, mutumize mawu pasadakhale. Mukatero mudzaonanso Mwabvi, imodzi mwa nkhalango zazing'ono zosungirako nyama m'Malawi muno, yokhotera chakufupi ndi Bangula. Nyama ndi zochepa koma kuli miyala ya mchenga yomwe mtsinje unaiboola mochititsa kaso. Kumeneko n'kwa galimoto yaitali, osati yanuyo. Mnyamata wa mbiriyo adzafunanso kudziwa kuti Bishopu Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni a UMCA aja, anamwalira mu Januwale 1862 kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ku Chiromo. Mukadzakwera kuno ku Chididi mudzapumako kutentha, n'kuona Mozambique tsidya la mtsinje.

Bambo a Mapasa (Chilobwe)

Zikomo nonse, kapena ndinene kuti takhuta. Agogo a ku Chididi ndamva, ndipo pepani, Khulubvi ndaichotsa pa ulendo uno. Zatsala motere: Lachinayi kutsika ndi kumanga matenti, madzulo ku mathithi. Lachisanu Majete m'mawa. Loweruka Lengwe ndi kanyenya wa pa Nchalo. Lamulungu dambo ngati a pa Thabwa avomereza, apo ayi tilowanso Majete madzulo. Ndawawerengera apongozi zomwe mwalemba Achemwali a ku East Bank, akuti bondo ndi lawo ndipo bwato akwera. Ndiwatani?

Nachisale wa ku East Bank

Asiyeni akafike pa dooko aone okha mmene bwatolo likugwederera. Akakakamirabe, pemphani bwato lalikulu la matabwa, muwaikire kampando pakati, ndipo inu mukwere lina. Apongozi ndi mkamwini sagwirana m'chiuno pamaso pa asodzi.